Musanagule graphics card ina, lowani kaye mu BIOS

Mnyamata wina anabwera ndi kompyuta yake ataikulunga m'chitenje, atainyamula pa kabaza. Dandaulo lake linali lakuti gemu imadukizadukiza ikafika pamene pachuluka zochitika, ndipo anali atayamba kale kusunga ndalama zogulira graphics card ina, khadi imene imajambula zithunzi za gemu. Tinatsegula Task Manager mu Windows, n'kupita pa Performance, kenako pa Memory. Pa liwiro la RAM, memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda, panalembedwa 2133. Titatsegula chivundikiro n'kuwerenga kapepala komatidwa pa RAM yakeyo, tinapeza 3200. Analipira liwiro la 3200, koma chaka chathunthu kompyuta imayenda pa 2133, chifukwa panalibe womuuza kuti liwirolo amachita kulitsegula. Zinandiwawa, chifukwa ndalama za RAM imeneyo sanatole pansi.

Kumene amatsegulirako ndi mu BIOS, pulogalamu yaing'ono yokhala pa motherboard (bolodi lalikulu pamene zida zonse zimalumikizidwa), imene imadzuka Windows isanadzuke n'kuuza chida chilichonse mmene chigwirire ntchito. Ya masiku ano dzina lake lenileni ndi UEFI, koma tonse timangoti BIOS. Kuti mulowemo, yatsani kompyuta n'kumadina Del kapena F2 mobwerezabwereza. Makompyuta a HP amafuna F10, a Dell F2. Mukalowa, musakhudze kanthu kaye. Tengani foni mujambule tsamba lililonse mmene mwalipezera. Mlimi wosamala salima munda wa eni asanaone malire, ndipo zithunzizo n'zimene zidzakubwezereni pabwino zinthu zikadzasokonekera.

Tiyambe ndi RAM, chifukwa phindu lalikulu laulere lili pamenepo. RAM ikaikidwa koyamba, motherboard imaiyendetsa pa liwiro lotsika kuti kompyuta iyake mosavuta: DDR4 nthawi zambiri pa 2133 kapena 2400, DDR5 pa 4800. Liwiro lolembedwa pabokosi limakhala litasungidwa mkati mwa RAM momwemo, kudikira kuti mulisankhe. Kwa Intel limatchedwa XMP. AMD inabweretsa lake lotchedwa EXPO mu 2022 pamodzi ndi Ryzen 7000. Pa ma motherboard akale a AMD, ASUS imalemba DOCP pomwe MSI imalemba A-XMP. Mayina ndi ambiri koma ntchito ndi imodzi. Pezani dzina limeneli mu BIOS yanu, sankhani Profile 1, dinani F10 kuti musunge, kompyuta iyambirenso. Ngati muli ndi DDR5, sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo. Musazimitse. Motherboard imakhala ikuyeza RAM pa liwiro latsopanolo.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiphonya. Ngati motherboard ili ndi mipata inayi ya RAM ndipo inu muli ndi RAM ziwiri, musaziike moyandikana. Pa ma motherboard ambiri malo ake ndi mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, imene imalembedwa A2 ndi B2. Mukatero RAM imayenda njira ziwiri nthawi imodzi m'malo mopanikizana m'njira imodzi. Amene mumasewera opanda graphics card, kudalira zithunzi za purosesa monga Ryzen 5 5600G, mverani bwino apa: purosesa yotereyi imabwereka RAM yomweyo kuti ijambule zithunzi, choncho RAM ziwiri za 8GB zothamanga zimaposa kutali imodzi ya 16GB. Kwa amene muli ndi Ryzen 3000 kapena 5000, liwiro la 3600 ndi malo abwino oimapo, chifukwa pamenepo RAM imayendera limodzi ndi njira ya mkati mwa purosesa yotchedwa Infinity Fabric, pa 1800. Kupitirira apo nthawi zambiri n'kutaya ndalama.

Mukatsegula XMP musathamangire kusintha china. Sewerani madzulo amodzi, kapena yendetsani usiku MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM. Gemu ikamadzitseka yokha kapena sikirini ikamabiriwira, tsitsani liwiro pang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa 3600 kufika pa 3200. Lamulo langa ndi lakuti kusintha kumodzi, kuyesa kumodzi. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, kompyuta ikadwala simudziwa chimene chaidwalitsa.

Chachiwiri ndi Resizable BAR. Kale purosesa inkaona memory ya graphics card kudzera pa kawindo kakang'ono ka 256MB basi, ngakhale khadiyo itakhala ndi 8GB. Resizable BAR imatsegula chitseko chonse. AMD inayamba kuilengeza mu 2020 ndi dzina la Smart Access Memory pa makhadi a RX 6000, ndipo NVIDIA inatsatira mu 2021 pa RTX 30. Magemu ena amapindula ndithu, ena sasintha n'komwe, ndiye musayembekezere zozizwitsa. Koma ngati khadi yanu ndi Intel Arc, iyi si nkhani yosankha. Popanda Resizable BAR khadiyo imayenda mokwawa. Kuti itheke, tsegulani Above 4G Decoding, kenako Re-Size BAR Support, ndipo muzimitse CSM, gawo la BIOS limene limalola kompyuta kuyaka mwachikale.

Pa CSM pomwepa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Ngati Windows yanu inaikidwa mwachikale, pa disiki ya mtundu wa MBR, mukazimitsa CSM kompyuta siipezanso Windows, imangokubwezerani mu BIOS. Mafayilo anu sanatayike, musachite mantha. Mukayatsanso CSM zonse zimabwerera. Koma kuli bwino kudziwiratu. Mu Windows lembani msinfo32, muone pamene palembedwa BIOS Mode. Pakalembedwa UEFI, pitirizani. Pakalembedwa Legacy, disiki iyenera kusinthidwa kaye kukhala ya mtundu watsopano wotchedwa GPT. Windows ili ndi chida chake chotchedwa mbr2gpt, koma sungani kaye mafayilo anu ofunika kwina musanachigwiritse ntchito.

Secure Boot ndi TPM, zimene ndi zachitetezo cha kompyuta ndipo zimatsegulidwa mu BIOS momwemo, siziwonjezera liwiro, koma popanda izo magemu ena sakulolani kulowa pakhomo. Valorant pa Windows 11 imafuna zonse ziwiri, ndipo Battlefield 6 ya 2025 imakana kuyamba Secure Boot ikakhala yozimitsa. Musavutike kufunafuna mawu akuti TPM okhaokha: kwa AMD imalembedwa fTPM, kwa Intel PTT.

Tsopano pa nkhani ya voteji ndi kuthamangitsa purosesa mopitirira muyezo, ndikupemphani mundimvere ngati mmene mungamvere mlangizi pa nkhani ya feteleza. Wokwanira amakulitsa chimanga, wochuluka amawotcha mizu. Pa intaneti mupeza anthu akuonetsa manambala amene anaika pa makompyuta awo, koma purosesa iliyonse ili ndi mphamvu zake, ngakhale zitakhala za dzina limodzi. Ndipo ngakhale opanga enieniwo zinawavuta. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa chifukwa cha voteji yokwera, mpaka AMD inaika malire a 1.3 V pa gawo la purosesa lotchedwa SoC. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha voteji yomweyo, n'kutulutsa zokonza monga microcode 0x12B zodzera mu BIOS yatsopano. Ngati muli ndi purosesa yoteroyo, makamaka Core i7 kapena i9, ikani BIOS yatsopano ndipo musankhe Intel Default Settings. Purosesa imene yawonongeka kale sichira. Kwa ife amene chida chikapsa timadikira miyezi kuti china chifike kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, mafelemu (zithunzi za gemu pa sekondi) atatu owonjezera sangafanane ndi mtengo wa purosesa. Mapurosesa amakono amadzithamangitsa okha akaona kuti akuzizira bwino, choncho asiyeni pa Auto.

Kuika BIOS yatsopano ndi ntchito imene ndimaiopa kwambiri kuno kwathu, osati chifukwa ndi yovuta ayi, koma chifukwa cha magetsi. Imatenga mphindi zochepa chabe, koma magetsi akazima ili mkati, motherboard ikhoza kusadzukanso. Musayambe popanda UPS (chosungira magetsi cha kompyuta) yokhala ndi batire yamoyo kapena inveta yodzaza. Musayambe mvula ya ziphaliwali ikubwera. Tengani fayilo pa webusaiti ya kampani imene inapanga motherboard yanu, muonetsetse dzina lonse mpaka chilembo chomaliza, chifukwa B450M ndi B450 si chinthu chimodzi. Ikani fayiloyo pa flashi imene yafomatidwa kukhala FAT32. Ngati BitLocker, loko wa disiki wa mu Windows, ndi yoyatsa, lembani kiyi yake papepala musanayambe, chifukwa Windows ikhoza kuifunsa pambuyo pake. Ma motherboard ena ali ndi batani lopulumutsira kumbuyo, limene ASUS imalitcha BIOS FlashBack ndipo Gigabyte imati Q-Flash Plus. Pogula motherboard, batani limeneli ndi lofunika kuposa timagetsi tokongola. Dziwaninso kuti BIOS yatsopano imafufuta zimene munasintha, ndiye XMP muitsegulenso. Ndipo ngati kompyuta ikuyenda bwino popanda vuto lodziwika, BIOS isiyeni mmene ilili.

Za mafeni ndinena mwachidule. Kutentha kwa mwezi wa October kukafika, purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha. Mu BIOS muli tsamba la mafeni pamene mungawauze kuti ayambe kuthamanga msanga. Koma feni yodzaza fumbi ndi yodzaza fumbi basi, ipukuteni kaye.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukusewera pa makompyuta amene anagwirapo ntchito m'maofesi kunja, monga Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, mutangowonjezeramo khadi yaing'ono. Mukalowa mu BIOS yake simupezamo XMP, ndipo palibe batani lobisika loitulutsira. Malaputopu ambiri ndi chimodzimodzi. Musaike BIOS yokonzedwa ndi anthu osadziwika pa intaneti pofuna kuitsegula. Chimene mungachite ndi kuika RAM ziwiri zofanana, ndi kuonetsetsa kuti waya wa monita walowa pa graphics card, osati pa motherboard.

Mukasintha chinthu kompyuta n'kukana kuyaka, mafeni akuzungulira koma sikirini ili bii, zimitsani, zulani waya wa magetsi kukhoma, ndipo mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsala ithe. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kachotseni mosamala ndi chikhadabo, dikirani mphindi zisanu, kenako kabwezereni mbali yolembedwayo itayang'ana kumwamba. BIOS ibwerera mmene inachokera ku fakitale. Konzani tsiku ndi nthawi, tsegulani zithunzi zija munajambula pa foni, ndipo muyambirenso kuchokera pa chinthu chomaliza chimene chinkayenda bwino.