Momwe mungasankhire zida za seva yapanyumba yogwira ntchito zolemera

Musanagule chilichonse, dziwani ntchito yomwe makinawo adzagwire. Ngati ndi yoyendetsa ma virtual machine (makompyuta ongoyerekezera mkati mwa kompyuta imodzi) ambiri pa pulogalamu ya Proxmox, ndalama zanu zipite ku purosesa ndi RAM. Koma ngati ndi ma model a AI kapena zithunzi za 3D mu pulogalamu ya Blender, chofunika kwambiri ndi GPU (khadi la zithunzi), makamaka kukula kwa VRAM, yomwe ndi memori yake.

Pa purosesa, Xeon E5-2680 v4 yogwiritsidwapo kale ntchito ndi poyambira pabwino. Ili ndi ma core 14, imadya mawati 120, imakhala pa soketi ya LGA 2011-3, ndipo siidula chifukwa makampani amazigulitsa zambiri akamasintha maseva awo. Chenjerani ndi RAM: ya maseva ya ECC (yokonza yokha zolakwika) yamtundu wa RDIMM, yomwe imatchipa, siigwira pa bolodi wamba ya purosesa ya Ryzen. Pa GPU, RTX 3090 ya mu 2020 ikadali yabwino chifukwa cha VRAM ya 24GB. Tesla P40 nayo ili ndi 24GB pa mtengo wotsika, koma ilibe fani, ndiye mudzafunika kuiikira nokha.

Tsopano PSU, yomwe imagawa magetsi ku zida zonsezi. Apa ndi pomwe ine zinandivuta. Seva inkayaka bwinobwino, koma GPU ikangoyamba ntchito yeniyeni inkazima mwadzidzidzi osalemba uthenga uliwonse. Ndinayamba kukayikira RAM, kenaka kutentha, pomwe vuto linali PSU yomwe wogulitsa wina pa intaneti analembapo mawati omwe siinkatha kupereka.

Werengani motere. RTX 3090 yokha ndi mawati 350, ndipo kwa kanthawi kochepa kwambiri imatha kukoka magetsi oposa pamenepo. Onjezani purosesa, ma disiki ndi mafani, kenaka musiye mpata waukulu pamwamba pake. Pa makina otere musatsike pansi pa mawati 850, ndipo ikhale ya 80 Plus Gold (chizindikiro chakuti siitaya magetsi ambiri) yochokera kwa opanga odziwika. PSU yopepuka modabwitsa mukainyamula, yopanda nambala ya model yomwe mungaifufuze, isiyeni ngakhale wogulitsa atalumbira motani. Pa doko lililonse la 8-pin (polowetsera waya wa magetsi) la GPU lumikizani waya wakewake wochokera ku PSU, osagawa waya umodzi pawiri. Ndipo musasakanize mawaya a ma PSU osiyana: amalowana ndithu, koma mkati amalumikizidwa mosiyana ndipo amatha kuwotcha ma disiki.

Kumbukiraninso kuti seva siizima. Mawati 100 usana ndi usiku ndi 876 kWh (mayunitsi a magetsi) pa chaka.

Zotsalazi n'zosavuta. Sisitimu iikeni pa NVMe, mtundu wa disiki wothamanga kwambiri. Ngati mukugwiritsa ntchito ZFS, njira yosungira mafayilo pa ma disiki, gulani ma hard disk amtundu wa CMR, osati SMR. Maseva a mu rack (oikidwa m'mashelefu a maseva) ngati Dell PowerEdge R730 ndi olimba koma amasokosa kwambiri, choncho m'nyumba yogonamo bokosi lalikulu la tower ndi labwino. Ikani UPS (batire yothandiza magetsi akazima), ndipo musanaike mafayilo anu mu seva yesani RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse.