Zolumikizira mapaipi zongokankha: paipi idulidwe bwino, saizi igwirizane

Eni nyumba ambiri akaona pulambala akulumikiza mapaipi popanda guluu, moto kapena sipanala, amakayika. Wangokankha paipi mu kachipangizo, basi akuti zatha. Kodi zimenezi zingapirire mphamvu ya madzi zaka ndi zaka? Zimapirira ndithu, koma pokhapokha paipiyo yakonzedwa bwino isanalowe.

Tiyambe ndi mkati mwa kachipangizoka, kaya ndi ka mtundu wa John Guest Speedfit, Hep2O kapena SharkBite. Muli zinthu ziwiri zofunika. Pali kamphete ka mano a chitsulo chosachita dzimbiri, kamene kamaluma paipi kuti isatuluke, ndipo pali kamphete ka labala kotseka madzi. Madzi akamakoka paipi kunja, manowo amaluma kwambiri. N'chifukwa chake jointi yotere siiphulika kawirikawiri. Vuto lake ndi kudontha, ndipo kudonthako kumayambira pa labala uja.

Apa ndi pamene amisiri athu ambiri amalakwitsa. Amadula paipi ndi sowo, m'mphepete mutsala zinyenyeswa zakuthwa, nthawi zina yadulidwa mopendeka. Akaikankha, zinyenyeswazo zimang'amba labala. Tsiku loyamba simuona kanthu; pakapita miyezi siling'i ayamba kuda. Dulani ndi chodulira mapaipi, mupale m'mphepete, mupukute mchenga. Ngati paipi ili ndi mkwasa wautali pomwe pakhale labala, dulani chigawo chimenecho mutaye. Mu paipi ya pulasitiki muzilowetsa kachitsulo kapena kapulasitiki kolimbitsa kukamwa kwake, kuti isaphwanyike ikalumidwa. Kenako lembani ndi pensulo pomwe paipi ikuyenera kulekezera, mukankhe mpaka mzerewo ufike, muikoke pang'ono kuti mumve ngati yagwira. Paipi yolowa theka imadutsa mano koma osafika pa labala bwinobwino.

China ndi saizi. Zolumikizira zochokera ku Britain ndi ku South Africa zambiri ndi za mamilimita 15 ndi 22, zoyenera kopa ndi mapaipi a pulasitiki opangidwira zomwezo. Koma mapaipi ena a pulasitiki, PPR wobiriwira uja ndi HDPE wakuda, amene adzaza m'mahadiweya athu ndi a 20, 25 ndi 32. Mbale wanu akakutumizirani thumba la zolumikizira kuchokera ku Johannesburg, musakakamize za 22 pa paipi ya 20 n'kukulunga tepi. Sizigwira. Paipi yonyezimira yokutidwa ndi chrome nayonso ayi, mano amaterereka.

Nanga paipi yeniyeniyo? Ya chitsulo ya galvanizi ndi yolimba kunja, koma imachita dzimbiri mkati mpaka njira kuchepa, madzi n'kumatuluka ofiira m'mawa. PVC ndi ya madzi ozizira, ndipo ikakhala padzuwa imauma n'kuyamba kusweka ngati bisiketi. Ikwirireni kapena ipakeni penti. HDPE imapirira bwino pansi panthaka. PPR amalumikiza poiwotcha ndi makina pa madigiri pafupifupi 260, ndipo jointi yake ikapsa bwino imakhala ngati paipi imodzi, koma mmisiri akapitiriza kuwotcha, pulasitiki wosungunuka amatseka njira mkati. Kopa amakhalitsa, kungoti ndi wodula, amadyeka ndi madzi a asidi, ndipo wosiyidwa panja akuba samuchedwetsa. Makoswe a kudenga nawo amatafuna pulasitiki, osati kopa.

Musanyengeke ndi mawu akuti paipi yatsopano siwonongeka. Ku America, kuyambira cha m'ma 1978 mpaka 1995, nyumba zambirimbiri zidaikidwa mapaipi a pulasitiki wotchedwa polybutylene. Kenako adayamba kusweka, ambiri akuloza chala klorini wa m'madzi ndi zolumikizira zake zapulasitiki, ndipo nkhaniyo idathera kukhoti pa mlandu wa Cox v. Shell Oil mu 1995.

Pa giza samalani kwambiri, makamaka ya sola. Madzi ake mu Okutobala amatha kufika powira, pamene pulasitiki ndi labala zili ndi malire a kutentha olembedwa pa paipi kapena pa paketi. Chigawo choyamba chochokera pa giza chikhale cha kopa, pulasitiki ayambire patali.

Maganizo anga ndi akuti zongokankhazi muziike pomwe dzanja lingafike: pansi pa sinki, kuseri kwa chimbudzi, pokonza paipi yophulika usiku. Mkati mwa khoma kapena pansi pa simenti pitani ndi paipi yathunthu yopanda jointi, kapena PPR wowotcha. Paja kwathu kuno madzi akasiya n'kubweranso amabwera ndi mpweya, mapaipi n'kumagunda. Mangani mapaipi ndi timakilipu kuti jointi isamagwedezeke. Musanapake pulasitala, tsegulani madzi, mutseke mipopi yonse, muwerenge mita, mudikire usiku wonse. Ngati manambala asuntha m'mawa, pulambala asalandire kaye ndalama yotsala.