Momwe mungachitire pobwera ku Malawi kudzatenga mwana mwalamulo kuti mukamulere ku Britain

Kawirikawiri nkhani iyi imayamba ndi foni ya pakati pa usiku. Mkulu wanu watisiya kumudzi, wasiya kamwana ka zaka ziwiri m'manja mwa agogo omwe nawonso mawondo anatha kale. Misozi isanaume n'komwe, maso a abale onse ali pa inu amene muli ku Leicester kapena ku Manchester: "Uyu mumutenge, akakulire kumeneko." Mtima umavomera pomwepo, pakuti kwathu mwana wa mkulu wako sakhala wa eni.

Zinatigwera ife, ine ndi amuna anga, ndipo tinazindikira mochedwa kuti kulera kumene tinakula tikukuona ndi kumene malamulo amakutcha adoption n'zosiyana kwambiri. Kwathu mwana woleredwa amangosintha khomo, koma makolo ake amakhalabe makolo ake, ndipo tsiku lina akhoza kubwerera. Adoption imachotsa udindo ndi ufulu wonse kwa makolo omubereka n'kuusenzetsa inu mpaka kalekale, ndipo amene amachita zimenezi ndi khoti lokha. Chimvano cha banja pansi pa mtengo wa mango n'chofunika, koma sichikweza mwana ndege. Ndondomeko yake nayi, monga momwe iyenera kuyendera.

Choyamba: yambirani kumene mukukhala, tikiti ibwere pambuyo

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Timathamangira kumudzi, kupeza loya, kupita kukhoti, kenako n'kumadabwa kuti viza ya mwana yakanidwa. Lamulo la ku England ndi Wales la Adoption and Children Act la 2002, pa gawo 83, limaletsa munthu wokhala ku UK kulowetsa mwana m'dzikomo kuti adzakhale wake ngati sanayambe waunikidwa ndi kuvomerezedwa konko. Lamuloli siliyang'ana kuti pasipoti yanu ndi ya Malawi kapena ya Britain, ndipo silikhululukira chifukwa choti mwanayo ndi wa mkulu wanu. Kuliphwanya ndi mlandu woti munthu akhoza kukhala nawo m'ndende mpaka miyezi 12.

Choncho imbirani foni khonsolo ya kumene mukukhala, kapena bungwe lovomerezeka kuona za ana ochokera kunja monga Coram IAC. Adzakupatsani social worker amene adzabwere kunyumba kwanu maulendo angapo. Adzafufuza mbiri yanu kupolisi, adzafuna lipoti la dokotala, mapepala a ndalama zimene mumapeza, ndi anthu okuchitirani umboni. Mafunso ena amalasa: munaleredwa motani, bambo anu ankakumenyani kodi, mukakangana m'nyumba muno amayamba kupepesa ndani. Ife Amalawi sitinazolowere kuyala za m'nyumba pamaso pa mlendo, ndipo tsiku loyamba amuna anga ankangoyankha kuti zonse zili bwino. Musatero. Amene akukufunsaniyo sakufuna banja la angelo, akufuna kuona ngati mumadzidziwa.

Lipoti lake limapita kwa gulu la akatswiri, ndipo mukavomerezedwa mapepala amatumizidwa ku Department for Education, imene imapereka chikalata chotchedwa Certificate of Eligibility, chosonyeza kuti mwavomerezedwa kutenga mwana wakunja. Chimenecho ndiye kiyi wa zitseko zonse zakutsogolo. Zonsezi zimadya miyezi yambiri ndi ndalama za m'thumba mwanu. Okhala ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland mapepala awo amadzera m'maofesi a maboma awo. Ndipo ngati muli pa viza ya ntchito, simunapatsidwe chilolezo chokhazikika, kambani ndi loya wa za immigration musanalipire kalikonse.

Chachiwiri: dziwani kuti Malawi sali mu pangano la Hague

Pali pangano la mayiko la 1993, losainidwa ku The Hague, lokonza momwe mwana angachokere dziko lina kupita lina. UK ndi South Africa analowamo mu 2003, Zambia mu 2015. Malawi salimo. Zotsatira zake n'zakuti chigamulo cha khoti la ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ngakhale chili chokwanira ku Malawi, pachokha sichikupangani kukhala kholo pamaso pa malamulo a ku England. Mudzayenera kukaonekeranso kukhoti la kumeneko. Konzekerani makhoti awiri kuyambira pachiyambi.

Zitseko zotere zimatsekeka nthawi ina iliyonse. Kenya inaimitsa zopereka ana kwa anthu akunja mu 2014, Ethiopia inaletsa mu 2018, China inasiya mu 2024. Musadalire zimene mnzanu wa kutchalitchi anachita zaka khumi zapitazo.

Chachitatu: khalani pansi ndi banja, ndipo munene zoona zonse

Gawo ili ndiye mtima wa nkhani yonse, ngakhale lilibe fomu yolembapo.

Lamulo la Malawi la Adoption of Children Act limafuna chilolezo cha kholo, womuyang'anira mwana, kapena aliyense amene ali ndi udindo womusamala. Koma inu mukudziwa kuti kumudzi mwana sakhala wa anthu awiri okha. Kwa ife a chikamwini, mwinimbumba ndi malume, ndipo mawu awo sadumphidwa. Kumene amalowola, monga madera ambiri a kumpoto, mwana ndi wa kuchimuna. Bambo wa mwanayo ngati ali moyo, ngakhale anathawa mimba ili ya miyezi itatu, mufufuzeni. Bambo wotulukira mochedwa akhoza kugwetsa nkhani yonse, ndiponso ndi ufulu wake kumva.

Ndimakumbukira tsiku limene tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya mayi anga. Iwo ankatongola chimanga m'lichero, mwana ali m'tulo pamwendo pawo. Malume anali atavomera kale, amfumu atadziwitsidwa. Ndinafotokoza kuti khoti likagamula, pa mapepala mayi wa mwanayu ndikhala ine, ndipo sadzabwerera kudzakhala kumudzi kuno akamaliza sukulu. Mayi anaika lichero pansi. "Nanga dzina la mayi wake lipita kuti?" Kufikira nthawi imeneyo iwo ankaganiza kuti tikungokamuphunzitsa. Zinatitengera masiku atatu kuti timvane, ndipo ndimathokoza kuti funsolo linatuluka pamphasa paja, osati pamaso pa jaji.

Gwiritsani mawu omveka. Mukangoti "tikamulera", aliyense avomera, koma avomera chinthu china. Nenani kuti sadzabweranso kudzakhala, kuti dzina likhoza kusintha, kuti zosankha zonse za moyo wake zikhala zanu. Kenako lonjezani zokhazo zimene mungakwanitse: mafoni, zithunzi, kubwera naye pakapita zaka zingati.

Ndipo dzifunseni nokha moona mtima ngati mwanayu akufunikadi kuchoka. Ngati mayi wake ali moyo, amamukonda, koma vuto ndi umphawi wokha, ndalama zimene mungawononge pa ulendo wonsewu zikhoza kumuphunzitsa mpaka kukoleji ali pakhomo pa mayi wake. A Home Office, unduna wa ku UK umene umapereka viza, nawonso amafufuza zomwezo. Safuna adoption yongokonzera mwana njira yolowera m'dziko mwawo, amafuna umboni woti omubereka sangathedi kumusamala.

Ndalama zisadutse pakati pa inu ndi banja chifukwa cha mwanayo. Lamulo limaletsa kupereka kapena kulandira malipiro pa nkhani ya adoption popanda chilolezo cha khoti, ndipo kuyambira 2015 Malawi ali ndi lamulo la Trafficking in Persons Act lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Munthu akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule, kapena kuti akhoza kukukonzerani setifiketi yosonyeza kuti mwanayo munabereka nokha, mutalikireni. Akuluakulu a za viza akhoza kufuna DNA, ndipo bodza likaululika wovutika kwambiri ndi mwana.

Chachinayi: a Social Welfare ndi loya

Mukafika, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma limene mwanayo akukhala. Ofesiyi ili pansi pa unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo ndi imene imafufuza mbiri ya mwana. Ngati mwana amene mukufuna si wachibale, khomo lolowera ndi lomweli. Musayende m'nyumba zosungira ana amasiye n'kumaloza amene wakusangalatsani. Ana ambiri m'nyumbazo ali ndi abale amoyo amene sanawataye.

Pezani loya amene ali ndi chiphaso chogwira ntchito chaka chimenecho. A Malawi Law Society akhoza kukutsimikizirani. Mugwirizane za malipiro polemba. Mubwere ndi setifiketi ya ukwati, mapasipoti, lipoti la social worker, Certificate of Eligibility, mapepala a kupolisi ndi a kuchipatala. Kumbali ya mwana mufunika setifiketi yakubadwa ndi ya imfa ya kholo lomwe linamwalira, zonse zochokera ku National Registration Bureau. Imfa zambiri za kumudzi sizilembetsedwa, choncho yambani msanga, kudzera kwa amfumu ndi ku ofesi ya DC.

Chachisanu: ku High Court

Loya amakapereka pempho lanu ku High Court, imene ili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Khoti limasankha munthu woimira zofuna za mwana, kawirikawiri wa ku Social Welfare, amene amalemba lipoti lake payekha. Lamulo limati wopempha akhale wa zaka zosachepera 25, ndipo kawirikawiri apose mwanayo ndi zaka zosachepera 21. Mwamuna amene akupempha yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera.

Mfundo imene imadetsa nkhawa anthu okhala kunja ndi yoti wopempha akhale wokhala m'Malawi. Mfundoyi ndi imene inachititsa kuti mu April 2009 Justice Esme Chombo akane pempho la Madonna ku Lilongwe. Mu June chaka chomwecho Supreme Court of Appeal inasintha chigamulocho, n'kunena kuti kukhala m'dziko sikuyezedwa ndi kutalika kwa nthawi kokha, komanso kuti chachikulu ndi ubwino wa mwana. Musamve ngati chitseko chinangosiyidwa pululu. Jaji amaona nkhani iliyonse payokha, ndipo adzafuna kudziwa kuti mizu yanu m'dziko muno ndi yotani, mwakhala ndi mwanayo nthawi yaitali bwanji, akukudziwani kodi. Khoti lili ndi mphamvu yoyamba lapereka chilolezo chongoyembekezera, cha nthawi yosapitirira zaka ziwiri, lisanagamule komaliza. Pokhala m'Malawi wobadwira konkuno muli ndi poyambira pabwino, koma muyenera kuonekera nokha.

Milandu imasunthidwa masiku. Gulani tikiti yosinthika, pemphani tchuthi chotalikirapo kuntchito, ndipo ngati mudzi wanu uli kutali ndi tala, kumbukirani kuti kuyambira December mpaka March mvula ikhoza kutsekereza agogo ndi malume tsiku lomwe akufunika kukhoti.

Chachisanu ndi chimodzi: masabata odikira ndi a mwana

Kudikiraku musakuone ngati nthawi yotayika. Kwa mwana wa zaka ziwiri inu ndinu mlendo wonunkhira sopo wachilendo. Wathu sabata yoyamba ankangoti akandiona, n'kubisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake. Ndinasiya kugona kutauni, ndinasamukira kumudzi komweko. Ndinayamba ndi kumudyetsa phala m'mawa agogo ali pambali, kenako kumusambitsa, kenako kumubereka kumsana popita kumjigo. Tsiku limene anagona kumsana kwanga osalira, mayi anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu, osanena kanthu.

Phunzirani nyimbo imene amamugoneka nayo, dzina limene amamuitanira pakhomo, ndiwo zimene amakonda. Tengani kabuku kake ka kusikelo. M'menemo muli katemera amene analandira ndi momwe wakhala akukulira, ndipo dokotala wa ku UK adzakafuna. Mupite naye kuchipatala akamuyeze malungo, magazi ndi zina ulendo usanafike.

Chomaliza: pasipoti, viza, ndi khoti lachiwiri

Khoti likagamula, chigamulocho chimalembetsedwa m'kaundula wa ana otengedwa mwalamulo, kenako mumakapempha pasipoti ya mwana ku Immigration. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi pa pepala lililonse. Chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kukubwezani m'mbuyo masabata. Mukatero mumapempha viza ya UK. Popeza Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake amayezedwa TB asanapite kukakhala ku UK, mwana adzaonedwa ndi dokotala wa chipatala chovomerezeka, ngakhale ana osakwana zaka 11 kawirikawiri sajambulidwa pachifuwa. Musagule tikiti yake viza isanatuluke, ndipo malamulo amafuna kuti polowa m'dzikomo mukhale naye inu eniake, osati kumutumiza ndi mnzanu amene akubwerera.

Ulendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chileka umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ndi wautali kwa kamwana. Mapepala onse a khoti akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa akhoza kufunsidwa pa bwalo la ndege lililonse. Chitenje chimene amagona nacho musachichape, chipite ndi fungo la kwawo.

Mukafika, dziwitsani khonsolo yanu pasanathe masiku 14 kuti mwana wafika ndipo mukufuna kukapempha adoption kukhoti la kumeneko. Social worker adzayamba kukuyenderani. Ngati munatsata ndondomeko yonse kuyambira pachiyambi, mwana akakhala nanu miyezi 6 mukhoza kupereka pempholo. M'miyezi imeneyi mulembetseni kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, chepetsani alendo ngakhale a kumpingo akufunitsitsa kudzamuona, ndipo m'nyumba muziyankhula naye Chichewa kuti Lamlungu agogo akaimba foni azitha kumvana. Kabuku ka kusikelo, chithunzi cha mayi wake womubereka, ndi pepala lolembapo dzina la mudzi, mfumu yake ndi mfunda wake, ziikeni m'bokosi limodzi pamalo poti iye adzathe kufikira akadzayamba kufunsa.