Mmene ndinadutsira pa Sudoku yovuta

Sudoku ndi masewera odzaza manambala 1 mpaka 9 m'timabokosi, nambala iliyonse kamodzi kokha mu mzere uliwonse ndi m'bokosi lililonse la timabokosi 9. Sudoku zosavuta ndinkamaliza bwinobwino, koma zovuta ndinkakakamira pakati. Ndinkalemba mongoganizira, kenako kufufuta mpaka pepala kubooka.

Zida zake ndi pensulo yosongoka ndi labala basi, bolopeni isiyeni. M'kabokosi kalikonse kopanda kanthu ndinalembamo timanambala ting'onoting'ono, onse amene angalowemo. Kenako ndinafunafuna timabokosi tiwiri ta mzere umodzi tokhala ndi manambala awiri okha ofanana, ndipo ndinapeza 4 ndi 7. Apa ndi pamene panagona nkhani. Manambala awiriwo ayenera kugawana timabokosi tiwirito, choncho ndinawafufuta m'timabokosi tina tonse ta mzerewo. Kabokosi kena kanatsala ndi 9 yekha, ndipo ena anayamba kumasuka motsatizana. Njirayi amaitcha naked pair, ndipo imagwiranso m'bokosi la timabokosi 9.