IELTS, TOEFL, PTE kapena Duolingo: mulembe ati?

Zimawawa ndithu. MSCE munalemba m'Chingelezi, kuntchito mukuchilankhula tsiku lonse, koma koleji yakunja ikuti mubweretse umboni woti mumachidziwa, kutanthauza zotsatira za mayeso a Chingelezi ngati amenewa. Musavutike kukangana nawo. Boma la UK, mwachitsanzo, silinaike Malawi pa mndandanda wa mayiko omwe anthu ake sayesedwa Chingelezi.

Musanatulutse ndalama, funsani kaye ku koleji komweko kuti amavomera mayeso ati, ndipo akufuna malikisi angati pa gawo lililonse (kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula). Ambiri amakodwa apa: munthu pa IELTS onse pamodzi wapeza 6.5, koma pa kulemba wapeza 5.5, sukulu n'kumubweza. Ngati muli kale ndi digiri yomwe munaphunzira m'Chingelezi, atchulireni, pena amakukhululukirani mayesowo.

Pa IELTS, samalani polembetsa. Ya sukulu ndi Academic, osati General Training. Amene mukufuna viza ya ku UK pa maphunziro osafika pa digiri, yanu ndi IELTS for UKVI, yomwe ofesi ya maviza ya UK imavomereza.

Kenako dziyeseni nokha moona mtima: zala zanu zimathamanga bwanji pa kiyibodi? Kulemba pa WhatsApp ndi chala chachikulu si kutayipa ayi. Khalani pa kompyuta, tcherani wotchi, mulembe nkhani ya mawu 250 pa mphindi 40. Mukamaliza nthawi ilipo, sankhani IELTS ya pa kompyuta. Zotsatira zake zimatuluka m'masiku ochepa pomwe ya papepala, kumene ikadalipo, imatenga masiku 13, ndipo m'malo ambiri mukagwa gawo limodzi mutha kubwereza lokhalo pasanathe masiku 60.

Nkhani ya kulankhula ndiyo imasiyanitsa kwambiri. Pa IELTS mumacheza ndi munthu kwa mphindi 11 mpaka 14, ndipo simunamve mutha kumupempha abwereze funso. Pa TOEFL iBT ndi PTE Academic mumalankhulira mu maikolofoni, wotchi ikuwerenga, pambali panu winanso akulankhula zake. Kwa ife amene tinaleredwa kulankhula motsitsa mawu, ineyo ndimakonda munthu. Koma alipo amene amanjenjemera akayang'anizana ndi woyesa, amenewo makina amawamasula.

Duolingo ndi yotsika mtengo, mumalembera kunyumba pafupifupi ola limodzi. Vuto lake si sukulu zonse zimaivomera, komanso imafuna chipinda chanu nokha, chinthu chosowa kwa ogona m'nyumba ya anthu asanu.

Zotsatira za mayeso onsewa zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye musathamangire kulemba fizi isanapezeke.