Chiwongolero chikamalimba kukazizira, yambani apa

Musathamangire kwa makaniko kaye. Kukazizira kwambiri oyilo wa pawa sitiyaling'i (amene amafewetsa chiwongolero) amakhuthala, ndiye lizani injini itenthe mphindi zingapo kenako mukhotetse chiwongolero uku ndi uku pang'onopang'ono, koma osachikanikiza mpaka kumapeto nthawi yaitali, pampu yokankha oyiloyo imavutika. Chikafewa ndiye kuti vuto ndi oyiloyo, mwina wakhalitsa. Tsegulani boneti musuzumire m'kathanki kake, mukapeza wada bii ndiye kuti wakhalitsadi, koma akakhala wachepa kapena ali ndi thovu ndiye kuti penapake pakudontha kapena pakulowa mpweya, n'chifukwa chake pampu imalira mukamakhota.

Kaphokoso ka kwiiii mukangoliza galimoto, ameneyo ndi lamba wozunguza pampuyo, wauma ndi kuzizira ndiye akuterereka, muyang'aneni ngati wang'aluka. Matayala nawonso mpweya umatsika kukazizira ndiye chiwongolero chimalimba, ambiri saganizako zimenezi, pimani.

Galimoto za chiwongolero cha magetsi zilibe oyilo ameneyu, izozo yambani ndi batire chifukwa ikafooka mota ya chiwongolero imachepa mphamvu. Koma chikamalimba m'mawa uliwonse chonsecho oyilo ali bhobho, kapena mukumva gu gu kumatayala akutsogolo, mwina raki (chitsulo chokhotetsa matayala) kapena ma ball joint (molumikizira matayalawo) atha, pamenepo pitani kwa makaniko musanayende ulendo wautali.