Momwe mungalowetsere asidi wa mafuta mu puloteni ya whey

Mkaka wa ng'ombe mukauwawasa mpaka pH (muyeso wa kuwawasa) ifike pa 4.6, casein, puloteni yochuluka kwambiri mu mkaka, amaundana n'kukhala pansi. Madzi otsala pamwambawo ndiwo whey, ndipo pafupifupi theka la mapuloteni ali m'menemo ndi beta-lactoglobulin. Ine ndimalangiza aliyense woyamba kumene ntchitoyi mu labotale kuti ayambire pa puloteni imeneyi, chifukwa simavuta bola mwasamala pH.

Puloteniyi ili ndi ma amino asidi (tizidutswa tomangira puloteni) 162, ndipo inapindika ngati kachikho kakuya kokhala ndi chivundikiro. Mkati mwake madzi safunikamo. Mchira wa palmitic acid, asidi wa mafuta wa makaboni 16, umalowa cham'kati, pomwe mutu wake umatsalira pakamwa, pafupi ndi ma amino asidi awiri, lysine 60 ndi lysine 69. Gulu la Lindsay Sawyer ku Edinburgh linaonetsa zimenezi mu 1999 pogwiritsa ntchito X-ray. Malo ndi a mmodzi basi: puloteni imodzi, asidi mmodzi.

Yambani ndi kutsuka puloteniyo. Yochokera mu mkaka imabwera itanyamula kale mafuta ake, makamaka palmitic ndi oleic, ndiye mukathira anu amapeza malo atatha. Isungunuleni, mutsitse pH kufika cha pa 3, musakanize ndi makala a mu labotale okoka mafuta, kenako muzunguze pa centrifuge (makina ozunguza mwaliwiro kuti zolemera zikhale pansi) n'kusefa.

Tsopano pH, pamene pagona nkhani. Chivundikiro chija ndi kachigawo ka puloteni kotchedwa EF loop. pH ikakhala pansi pa 6 chimatseka, ikadutsa 7 chimatseguka. Kusintha kumeneku kunafotokozedwa ndi Charles Tanford ndi anzake mu 1959, papita nthawi, komabe mpaka lero anthu amasakaniza pa pH 6 n'kumadabwa kuti mafuta akukana kulowa. Gwiritsani phosphate buffer (madzi a mchere oletsa pH kusinthasintha) wa pH 7.5, ndipo muyezenso pH mutathira zonse, osati poyamba pokha. Musatengeke n'kukweza kupitirira 9 poganiza kuti chitseguka kwambiri. Kumeneko puloteni imamasuka n'kuonongeka.

Palmitic acid sasungunuka m'madzi, choncho muyambe mwamusungunula mu ethanol. Thirani dontho limodzilimodzi uku mukutakasa, ndipo ethanol asapose 2 peresenti ya zonse. Asidi achulukeko pang'ono kuposa puloteni powerengera mamolekyu. Mukaona madzi ayera mbuu, mwathira mwaphuma ndipo mafuta aundana okhaokha. Siyani zitakasike kwa ola limodzi pa kutentha kwa m'chipinda. Moto ayi. Kudutsa madigiri 70, amino asidi wotchedwa cysteine 121 yemwe amabisala mkati amatulukira, mapuloteni amayamba kumatirirana, kachikho kaja n'kuphwanyika.

Kutalika kwa mchira kumawerengedwanso. Asidi wa makaboni 8 amagwira mofooka, wa 14 kapena 16 amakhazikika bwino.

Mudziwa bwanji kuti walowa? Ambiri amawalitsa puloteniyo ndi kuwala kwa UV kwa 295 nm n'kuyeza momwe amino asidi wake wotchedwa tryptophan akubwezera kuwalako. N'zachangu, koma kwa asidi a mafuta kusintha kwake n'kochepa, ndipo ine sindikhutira nako pakokha. Ndimakonda kuchotsa mafuta osagwidwa kudzera pa gel filtration (kusefa mamolekyu potengera kukula kwawo), kenako kuyeza otsala pa puloteni ndi gas chromatography (njira yolekanitsira ndi kuyezera mafutawo).

Njira yolowetsera mafutayi musaitengere kwa alpha-lactalbumin, puloteni ina ya mu whey. Iyeyu akakhala ndi kashiyamu wake sagwira mafuta kwenikweni. Muyenera kumulanda kashiyamuyo ndi EDTA, mankhwala ogwira kashiyamu, kuti amasuke pang'ono, apo m'pamene oleic acid amamatirira, ochuluka ndithu pa puloteni imodzi. Ndi mmene amapangira HAMLET, chosakaniza chimene gulu la Catharina Svanborg linatulukira ku Lund, Sweden, mu 1995 kuchokera mu mkaka wa m'mawere, chomwe chimapha maselo a khansa poyesa mu labotale. Izi sizitanthauza kuti kumwa mkaka kumachiza khansa.

Onetsetsaninso chiweto chomwe puloteni yachokera, popeza beta-lactoglobulin wa hatchi ndi wa nkhumba sagwira asidi a mafuta ngati wa ng'ombe. Ndipo chenjerani ndi serum albumin, puloteni ya m'magazi yomwe imapezekanso mu mkaka. Mu whey alimo wochepa, koma molekyu imodzi ili ndi malo angapo ogwirira mafuta, motero kadontho kake kangakusokonezereni manambala. Musanayambe chilichonse, yendetsani SDS-PAGE, njira yolekanitsa mapuloteni potengera kulemera kwawo: payenera kuoneka mzere umodzi pa 18 kDa, kulemera kwa beta-lactoglobulin, ndipo pa 66 kDa, kulemera kwa serum albumin, pasakhale kanthu.